Bosi wa mu gemu asamalowe pa mpikisano wa anthu awiri

Ndikudziwa kuti ena mundida nazo izi, komabe ndinene: kusewera ngati bosi (mdani wamphamvu uja amene umakumana naye kumapeto kwa gemu) m'magemu omenyana kumakoma mphindi khumi zokha, kenako kumatopetsa. Ndipo amene amathamangira kusankha bosi pamene akusewera ndi mnzake pa TV imodzi, ameneyo ndi wakuba basi.

Ndikunena magemu aja osakaniza anthu ochokera m'magemu ndi m'nkhani zosiyana. Capcom vs. SNK 2 ya 2001 ndiye chitsanzo chabwino. Kumapeto kwake umakumana ndi Shin Akuma kapena God Rugal, ndipo pa PlayStation 2 ukalimbikira umatha kuwatsegula n'kumawasankha. Shin Akuma akalumpha amaponya moto uwiri nthawi imodzi ali m'mwamba, iwe pansi ukungotchinga, ukati usunthe wafika kale kumbuyo kwako. Rugal naye ali ndi Genocide Cutter, mwendo uja amauzunguza m'mwamba. Ukangolumpha pang'ono wakudula. Anthu awiriwa anawapanga kuti azikutsirizira ndalama pa makina a arcade, uziponya khobidi lina ndi lina uli ndi mkwiyo. Ndiye chinthu chimene anachipangira kukulanda ndalama, chikhala bwanji chachilungamo m'manja mwa mnzako?

Ena amati, "Koma bosi akamayendetsedwa ndi munthu amakhala ndi magazi ochepa, ukamumenya kangapo wagwa." Zoona, a Capcom anayesa kuwachepetsa moyo. Vuto ndi loti umumenye kaye. Pa shopu ya magemu pomwe lamulo ndi loti wogonja apereke padi, kachipangizo ka mabatani kosewerera kaja, wosankha Shin Akuma amakhala pampando mpaka magetsi azime, ana ena atangoima kumbuyo ndalama zili m'manja. N'chifukwa chake ngakhale ku mipikisano ikuluikulu anthu ngati amenewa amaletsedwa. Akuma wa mu Super Street Fighter II Turbo ya 1994 wakhala woletsedwa m'mipikisano yambiri kwa zaka zonsezi, ndipo palibe amene amalira nazo.

Amene anaiganiza bwino nkhaniyi ndi omwe anapanga Ultimate Marvel vs. Capcom 3 mu 2011. Anaika gawo lapadera loti usewere ngati Galactus, chimphona chodya maiko chija. Thupi lake limadzaza theka la sikirini, timagulu ta anthu atatu timabwera kudzalimbana nawe, iwe n'kumatiphwanya ndi chikhatho kapena kutiwotcha ndi kuwala. Ulendo woyamba umaseka mpaka misozi, kuona Wolverine ndi Ryu akuoneka ngati nyerere pamaso pako. Ukabwerezanso umazindikira kuti palibe choti uphunzire. Sulumpha, suzemba, sukonza ma combo, kumenya kotsatizana kwakutali kuja kumene kumakometsa gemuyi. Ukungodina mabatani ochepa n'kudikira kuti agwe. Koma taonani, palibe mnzako amene walira, chifukwa ukumenya kompyuta.

A Nintendo nawo anachita zofanana mu Super Smash Bros. Ultimate ya 2018. Master Hand, dzanja loyera lija lomwe lakhala likutizunza kuyambira gemu yoyamba ya 1999, amakupatsa kuti uliyendetse chakumapeto kwa World of Light, gawo la nkhani la gemuyo, pa nkhondo imodzi yolimbana ndi khamu la adani. Ukamaliza amakulanda. Poyamba zimawawa, koma ndikuona kuti anachita dala: kukoma kwake kuli poti wadikira zaka pafupifupi makumi awiri kuti ulawe mphamvu imene inkakumenya uli mwana.

Pali njira inanso imene ndimaivomera. Akuma yemwe uja analowa mu Tekken 7 ngati mlendo, ndipo mu nkhani ya gemuyo ndi bosi woopsa, koma amene umasankha pa mndandanda anamuchepetsa mphamvu kuti alingane ndi anzake. Ngakhale choncho anthu a Tekken anadandaula kwambiri, poti anabwera ndi moto woponyera patali ndi kulumphalumpha kwa ku Street Fighter, zinthu zomwe iwo sanazolowere kuzitchinga.

Choncho ukabwera kwathu kudzasewera, sankha Ken, sankha Terry Bogard, sankha Iori, ngakhale Rugal wamba ndilola. Koma ukangoloza pa God Rugal, ine ndikuzula waya wa padi yako.