Wodwala matenda a maganizo malo ake si m'chitokosi

Achimwene anga aakulu amadwala matenda a maganizo, amene madokotala amati schizophrenia. Akamabayitsa jakisoni wawo wa mwezi ndi mwezi simungawasiyanitse ndi wina aliyense. Amalima mpunga, amasoka maukonde a asodzi ku Senga Bay, ndipo amene ali nawo ngongole amawadziwa pamtima. Dzinja lapitali anadumphitsa miyezi iwiri. Ulendo woyamba tinapeza mankhwala atatha, wachiwiri ine ndinalibe ya kabaza. Pamenepo nanenso ndinalakwa, sindikana.

Tulo tinawathawa. Anayamba kuyankhula okha, amvekere wailesi ya aneba ikuwatchula dzina. M'mawa wina anatuluka opanda nsapato, ndipo masana mnyamata wa kabaza anandiimbira kuti agwidwa cha ku Kamuzu Road, ku Salima kuno. Anatapa usipa pa benchi ya mayi wina n'kumagawira ana, akunena kuti ndi wawo, anawabera kunyanja. Wina anangokuwa kuti "wakuba!" basi makofi ndi zibakera zinayamba. Apolisi awiri ndi amene anawalanditsa m'manja mwa anthu, ndipo pa chimenecho ndidzawathokoza mpaka kale. Tikudziwa tonse zimene gulu limachita likagwira munthu amene lamutcha mbava.

Koma kenako anagona m'chitokosi masiku awiri opanda ngakhale piritsi limodzi. Ndinapita ndi nsima m'kontena ndi buku lawo lakuchipatala, ndikutsegula tsamba limene namwino analemba tsiku la jakisoni. Wapolisi amene ndinamupeza sanandikalipire. Anangoti, "Mayi, ife si achipatala, ndipo nkhaniyi yalembedwa kale." Nditawaona achimwene, mlomo unali wotupa kuposa dzulo lake. Anzawo a m'chitokosimo anawamenya chifukwa ankakuwa usiku wonse. Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Achemwali, mwabwera kudzandigulitsa?" Mawu amenewo sanandichoke mumtima. Anatuluka nditalipira usipa uja ndipo mwini wake, mayi wachisoni ndithu, anakathetsa mlandu.

Chimene ndikunena n'chakuti munthu wotere akafika kupolisi, asanafunsidwe za mlandu, aitaniridwe namwino wa matenda a maganizo. Malamulo oyendetsera dziko lino amati womangidwa aonekere kubwalo la milandu pasanathe maola 48. N'zabwino, koma kwa munthu amene mutu wake wasokonekera, maola amenewo ali m'kachipinda kodzaza ndi anthu osawadziwa ndi ambiri zedi. Amasaina chilichonse chimene wapatsidwa, amavomera ngakhale zimene sanachite, ena amakana dzina lawo lomwe. Belo amufunsira ndani ngati abale sakudziwa kumene ali? Akapita pa rimandi, amakalowa m'ndende zimene khothi lalikulu linanena kale mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti anthu amapanikizana mosayenera munthu.

Mu 2017, pa mlandu wa venda wina dzina lake Mayeso Gwanda, khothi lalikulu linathetsa gawo la lamulo la vakabu limene apolisi ankasesera nalo anthu oyenda usiku. Ambiri anasangalalira mavenda, ine ndinaganizira odwala amene amayendayenda pa depoti ndi m'misika usiku chifukwa tulo sitikubwera. Komabe lamulo likasintha ku khothi, mtima wa anthu pamsika susintha tsiku lomwelo. Kwa zaka zoposa 70 nkhani za matendawa zinkayendera lamulo la atsamunda la 1948, ndipo maganizo athu ambiri akadali a nthawi imeneyo: wamisala ndi wotsekera, womangirira pamtengo ndi unyolo.

Ndiyankhulenso za ife abale. Nthawi zambiri amene amaitana apolisi ndife tomwe. Wodwala waswa mawindo, wanyamula chikwanje, ana akulira, ambulansi kulibe, ndiye uthamangira kuti? Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, ulendo wodutsa Golomoti, Balaka ndi Liwonde, ndipo munthu wolusa sungamukweze minibasi. Zipatala za matendawa za St John of God zili ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma kuchoka ku Khombedza kapena ku Chipoka kukafika kumeneko n'ndalama. Ndiye galimoto yapolisi imasanduka ambulansi, chitokosi n'kukhala ngati wodi yodikirira.

Ena mundiuza kuti ndi chamba basi, paja kunyanja kuno sichisowa. N'zoona kuti chamba chimayambitsa kapena kukulitsa matendawa mwa ena. Achimwene anga sanasutepo ngakhale fodya wamba. Ndipo ngakhale wosutayo, mutu ukasokonekera akufunika mankhwala kaye, za mlandu zibwere pambuyo. Sindikunenanso kuti wodwala akavulaza munthu tingoseka. Wovulazidwayo ali ndi ufulu wake, ndipo makhothi ali ndi mphamvu yotumiza woimbidwa mlandu kuti akayezedwe ngati angathe kumva zimene zikukambidwa. Koma odwala ambiri amene ndimakumana nawo pamzere wa jakisoni ndi ofatsa, ndipo zipsera zimene ali nazo anachita kupatsidwa ndi ife anthu abwinobwino.

Pempho langa ndi laling'ono. Pa polisi iliyonse pakhale nambala ya foni ya namwino wa matendawa, yomatidwa pakhoma. A komiti ya msika ndi achitetezo cha m'mudzi aziwadziwa odwala a m'dera mwawo ndi abale awo. Jakisoni azifika mpaka m'zipatala zazing'ono osadukiza, chifukwa mlandu wa usipa uja unayambira pa shelefu yopanda kanthu.

Achimwene abwereranso ku maukonde awo. Za m'chitokosi sakumbukira bwino, koma akaona galimoto yapolisi amapatuka mumsewu n'kuima kuseri kwa mtengo. M'thumba la malaya awo ndinasokereramo kapepala kokutira pulasitiki, kolembedwa matenda awo ndi nambala yanga. Jakisoni wina ndi Lachiwiri likubwerali, ndipo ya kabaza ndaimangirira kale pansonga ya chitenje.