Ntchito yachisamaliro cha anthu: zimene anansi athu anachita, ndi pamene anapunthwa

Namwino kuno ku Malawi sagwira jakisoni ngati dzina lake mulibe m'kaundula wa khonsolo ya anamwino ndi azamba. Madokotala nawo ali ndi khonsolo yawo. Koma munthu amene amalowa pakhomo la eni kukaona ngati mwana akuzunzidwa, amene amalemba lipoti limene bwalo la milandu ya ana limawerenga lisanagamule kumene mwanayo akakhale, ntchito yake yakhala ikuyenda zaka zambirimbiri popanda khonsolo yotere. Bungwe la ASWiM, la anthu a ntchitoyi amene amatchedwa ma social worker, lakhala likuumirira kuti pakhale lamulo. Ndikugwirizana nawo. Nkhawa yanga ili pakuti lamulolo lidzaphimba yani, chifukwa anansi athu anatitsogolera panjira imeneyi, ndipo aliyense ali ndi chipsera chake.

Zimbabwe inayamba kale. Mu 1964 ansembe a Chijezwiti anatsegula School of Social Work ku Harare, nthawiyo kukutchedwa Salisbury, ndipo kwa zaka zambiri sukuluyi inali pansi pa University of Zimbabwe. Mu 2001 anakhazikitsa lamulo la ogwira ntchitoyi, limene linabala khonsolo yolemba maina ndi kupereka ziphaso. Wopanda chiphaso saloledwa kudzitcha social worker. Maphunziro awo anatchuka, ndipo kutchukako n'kumene kunawapweteka. Chuma chitagwa, makamaka cha m'ma 2008 pamene ndalama yawo inasanduka mapepala chabe, makhonsolo a ku Britain anapeza anthu ophunzira bwino, olankhula Chingelezi, okhala ndi mapepala osakayikitsa. Anapita ambiri. Maofesi a m'maboma anatsala ndi anthu owerengeka, ndipo ntchito yoteteza ana m'midzi inagwera anthu odzipereka amene amawatcha Community Childcare Workers. Sindiwadzudzula amene anapitawo. Ali ndi ana ofuna fizi ngati wina aliyense. Koma zikuonetsa kuti digiri yovomerezeka ndi pasipoti yomwe, ndipo boma limene likukweza maphunziro osakweza malipiro likuphunzitsira dziko lina.

South Africa ndiyo ili ndi dongosolo lalikulu kuposa onse. Lamulo lawo ndi la mu 1978, lakhala likukonzedwa, ndipo khonsolo yawo ya SACSSP imafuna digiri ya zaka 4 munthu asanalembedwe. Mbiri yawo ndi yaitalinso: sukulu ya Jan Hofmeyr ku Johannesburg, imene inatsegulidwa mu 1941, inaphunzitsa Winnie Mandela komanso Joshua Nkomo wa ku Zimbabwe. Kuyambira mu 2007 boma linayamba kulipirira achinyamata ambiri maphunziro a ntchitoyi, ndipo ndondomeko yawo yachitukuko inati pofika 2030 dziko lidzafuna ogwira ntchito zachisamaliro 55,000. Anaphunziradi. Koma zigawo zimene zimalemba anthu ntchito zinalibe ndalama za malipiro, kotero zikwi za omaliza maphunziro zinangokhala pakhomo ndi madigiri m'chikwama, uku ana ofuna thandizo ali mbwee. Ndalama ya sukulu inachokera thumba lina, ya malipiro thumba lina, ndipo matumba awiriwo sanakambirane.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene South Africa inachita bwino, ndipo ndicho ndimachisirira. Khonsolo yawo simalemba a digiri okha. Imalembanso othandizira amene ali ndi satifiketi, komanso osamalira ana ndi achinyamata. Nthawi imene Edzi inkasiya ana amasiye mudzi ndi mudzi, bungwe la osamalira ana la NACCW linayambitsa njira yotchedwa Isibindi: kutenga anthu a m'dera momwemo, kuwaphunzitsa maphunziro ovomerezeka ndi boma, kuwapatsa kangachepe, n'kuwatuma m'makomo kukathandiza ana kuphika, kulemba homuweki, kupeza mapepala a kubadwa, kumwa mankhwala. Mayi wotere sanathere pa kuthokozedwa pamsonkhano. Anali ndi pepala limene lingamukwezere pa sitepe ina, ndiponso akalakwira mwana panali pokamunenera.

Zambia ndiyo tifanana nayo kwambiri, ngakhale inayamba kuphunzitsa msanga. Oppenheimer College ya ku Lusaka inalipo dziko lisanalandire ufulu mu 1964, kenaka inalowa mu University of Zambia. Iwo anayamba kugawa ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa ku Kalomo mu 2003, ife Mtukula Pakhomo tinayamba ku Mchinji mu 2006. Onse tinadalira makomiti a m'midzi osalipidwa. Kusiyana kunabwera mu 2022, pamene nyumba yawo ya malamulo inavomereza lamulo la Social Workers' Association of Zambia, chaka chomwecho n'kuvomerezanso lamulo lalikulu la ana. Kuika malamulo awiriwa pamodzi kunali kwanzeru, pakuti lamulo la ana limapereka ntchito, linalo limanena woyenera kuigwira. Ife lamulo losamalira ndi kuteteza ana tinalipanga mu 2010, linalo n'kutsalira m'mbuyo.

Tanzania, imene ili ndi Institute of Social Work ku Dar es Salaam kuyambira mu 1973, inayesa kuphunzitsa anthu a m'midzi kwa masiku ochepa, kenaka n'kumawayang'anira akugwira ntchito. Ndi njira yotchipa, koma inatsamira kwambiri pa ndalama za mabungwe akunja, ndipo tonse tikudziwa chimene chimachitika pulojekiti ikatha.

Nanga kwathu kuno? Magomero College ku Chiradzulu, imene ili pansi pa unduna woona za jenda, ndiyo yakhala ikutulutsa alangizi a zachitukuko ndi othandizira m'maofesi a social welfare. Madigiri anabwera mochedwa: Catholic University ku Nguludi, imene inatsegulidwa mu 2006, University of Malawi ku Zomba, ndi ena. Lero a digiri alipo, koma ambiri amathera m'mabungwe omwe si aboma pa makontirakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri. Amene amakumana ndi mwana tsiku ndi tsiku ndi ena: oteteza ana a m'madera, amene ambiri a iwo sali pa malipiro a boma, ndi alezi a sukulu za mkombaphala, amene ambiri amagwira mongodzipereka. Anthu amenewa apita ku misonkhano yamaphunziro yosawerengeka. Bungwe ili sabata imodzi, linalo masiku atatu, satifiketi iliyonse ili ndi chizindikiro cha amene anapereka ndalama. Ukaziphatikiza zonse sizikwana kulowera pakhomo la koleji iliyonse.

N'chifukwa chake ndikuopa lamulo longoteteza dzina la a digiri. Likhoza kukondweretsa omaliza ku Zomba ndi ku Nguludi, n'kuwafewetsera njira ya ku London monga zinachitikira ku Harare, pamene mlezi wa ku Nsanje watsala pomwe anali. Kaundula akhale ndi magawo ngati wa ku South Africa, kuyambira woteteza ana wa m'mudzi mpaka wa digiri. Maphunziro afupiafupi a mabungwe aziyenera kuvomerezedwa ndi khonsoloyo ndi kuwerengedwa, kuti amene wawasonkhanitsa alowe nawo ku Magomero, ndipo dipuloma ya ku Magomero imuchotsereko zaka akafuna digiri. Ndipo unduna wa zachuma ukhale nawo pa zokambiranazo kuyambira tsiku loyamba, unene malo angati a ntchito umene ungalipire m'makhonsolo a maboma 28 athu, makoleji asanauzidwe chiwerengero cha ophunzira oti atenge.