Chenjezo kwa inu amene mwasandutsa maliro kukhala chionetsero

Loweruka lapitali ndinali kumudzi kwathu m'boma la Dedza pa mwambo wovundukula chiliza cha bambo wina amene tinamuika m'manda chaka chatha, ndipo ndabwerako mtima ukuwawa kuposa tsiku la maliro enieniwo. Chilizacho n'chamwala wonyezimira wochokera ku Lilongwe, chili ndi chithunzi cha malemuyo komanso mpanda wazitsulo. Koma nditapita kuseri kwa nyumba kukalonjera mayi wamasiye, ndinapeza khola la mbuzi lili pululu, nkhokwe ili mbee, ndipo mtsikana wawo amene anali Fomu 3 akutsuka mapoto a alendo. Nditamufunsa za sukulu anangoweramitsa mutu. Mayi ake ndi amene anandinong'oneza kuti, "Alamu anati chiliza chisachedwe, anthu angatiseke, ndiye dimba lija tinapinyolitsa."

Kodi misala imeneyi inatilowa liti, abale anga? Munthu ameneyu anadwala miyezi isanu, ndipo panalibe ngakhale mmodzi mwa abale ake a m'tauni amene anatumiza ndalama ya minibasi yoti apitire kuchipatala. Atangotsirizika, onse anatulukira ngati inswa za mvula yoyamba, aliyense ndi lamulo lake. Wina anati bokosi la matabwa wamba n'lochititsa manyazi, pafunika kasiketi yazogwirira zagolide. Wina anaitanitsa matenti, mipando, zokuzira mawu ndi makina otsitsira bokosi m'manda, ngati kuti zingwe za adzukulu zinasiya kugwira ntchito. Azimayi anasokedwera zitenje zofanana, anyamata anavala malaya osindikizidwa nkhope ya malemu, ndipo wojambula kanema ankaimika anamalira kuti awatenge bwino misozi. Kanemayo aonera ndani, poti m'nyumbamo mulibe ngakhale magetsi?

Chimene chikundikwiyitsa kwambiri n'chakuti olamulawo si amene amalipira. Pa gulu la WhatsApp aliyense amalonjeza mokweza kuti dzina lake lioneke pamndandanda, koma likafika tsiku lotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, mafoni amazimitsidwa. Maliro akatha amakwera magalimoto awo, nsima idakali pakhosi, n'kusiyira mayi wamasiye ngongole ya wamatenti, ya wopala bokosi ndi ya wakatapila amene ndalama yake imabereka mwezi ndi mwezi. Kenako amayi a banki m'khonde amafika pakhomo, kutenga mapoto, njinga, ngakhale kusasula malata. Mukuganiza kuti malemuyo akanadzuka akanakuthokozani poona ana ake akugona ndi njala pafupi ndi manda amatailosi? Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi feteleza zinakwera mitengo tonse tikuona, koma inu mukufunabe kupikisana ndi maliro a nduna.

Makolo athu ankati maliro n'kulirana, ndipo ankatanthauza zenizeni. Mfumu ikalengeza zovuta, mayi aliyense ankanyamula kambale ka ufa, bambo ankasenza chipika cha nkhuni, anyamata ankatenga makasu kupita kumanda, ndipo banja lofedwa silinkagulitsa ngakhale nkhuku. Anzathu achisilamu mpaka lero amakulunga mtembo mu sanda n'kuika mwamsanga, wolemera ndi wosauka chimodzimodzi, ndipo sindinamvepo kuti akufa awo anabwerera kudzadandaula. Ife tikusunga mtembo kumotchale sabata yathunthu podikira mphwake wa ku London, uku pasiwa pakuphikidwa m'mawa, masana ndi madzulo mpaka chimanga cha chaka chonse kutha.

Inunso opita kumaliro musadzione oyera. Mumafika chimanjamanja, mumakhala kutali ndi siwa n'kumacheza za mpira, kenako mumanyinyirika kuti ndiwo zake ndi nyemba ndi kabichi. Munabwera kudzalira kapena kudzadya? Adzukulu ena ayamba kuika makasu pansi mpaka atapatsidwa nkhuku ndi kachasu, ndipo pali mafumu amene saloza malo a manda asanalandire kangachepe. Chipepeso chimene anthu amaponya m'mbale chimalembedwa m'kope ndi kulengezedwa pamaso pa onse, koma chikalowa m'thumba la mwinimbumba sichionekanso. Ena mtembo usanazizire ayamba kale kufunsa makiyi a nyumba ndi khadi la kubanki, chonsecho lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanena poyera kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu.

Nanga inu ana athu a ku Joni? Mumavala nsapato zodula n'kumajambulitsa pa Facebook, koma kulowa m'kabungwe kosonkherana za maliro mumakana, inshuwalansi ya maliro mumati ndi kudziitanira imfa. Tsoka likagwa, mtembo wanu uyenera kudutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, ku Tete mpaka ku Mwanza, ndipo amene amagulitsa munda kuti mufike ndi agogo anu omwe simunawatumizirepo ngakhale sopo. Imfa siidikira kuti munthu aitchule. Mumatha kusonkha pa zinkhoswe ndi pa maphwando otsanzikana ndi mkwatibwi, koma kuika kangachepe pambali mwezi uliwonse kukukanikani bwanji?

Ndipo chiliza chathamangira kuti? Manda sathawa. Mtanda wachitsulo wolembedwa dzina ungathe kuima zaka zambiri mpaka ana atamaliza sukulu n'kudzamangira bambo awo ndi thukuta lawo. Koma ayi, pasanathe chaka mwaphanso ng'ombe, mwafulula mowa, mwaitana makwaya atatu ndi kubwereka basi, zonsezi pa msana wa mayi amene alibe ngakhale thumba limodzi la feteleza mvula ili pafupi.

Inu alamu amene munaima pamanda paja mutavala suti, n'kumalankhula Chingerezi kuti m'bale wanu mwamugoneka mwaulemu, ndikudziwa kuti mawu anowa akupezani. Kawomboleni dimba lija mvula isanagwe, ndipo mtsikana uja abwerere kusukulu teremu ikubwerayi. Kukula konseku, manyazi mulibe?