Chenjezo: lekani kuopseza ana ndi bodza la Tom ndi Jerry

Makolo anzanga a ku Luchenza, Bvumbwe, Thyolo boma mpaka Chitakale, ndi inu anyamata oika mafilimu m'mamemore khadi, tamverani. Kavidiyo kena kakuzungulira m'magulu a WhatsApp, ati Tom ndi Jerry anathera pa njanji, ati anadzipha koma eni katuniyo amabisa. Mukungokatumiza osafunsa, ena mpaka kupatsira foni mwana wa Sitandade 2 kuti aone. Kusasamala kumeneku kuthe.

Akudula kavidiyoko m'gawo lotchedwa Blue Cat Blues, la 1956. Tom walandidwa chibwenzi ndi Butch, mphaka wandalama, ndiye wakhala khuma pa njanji. Jerry naye aona wake atakwatiwa ndi mbewa ina, n'kudzakhala pambali pake. Sitima imveka kulira, filimu n'kuthera pomwepo. Palibe paliponse aonetsa sitima ikuwagunda. Komanso gawolo silinali lomaliza ayi. William Hanna ndi Joseph Barbera anapanga magawo 114 kuyambira 1940, ndipo lotsiriza lawo la nthawi imeneyo ndi Tot Watchers, la 1958. Gene Deitch anawonjezera 13 ku Prague mu 1961 ndi 1962, Chuck Jones n'kupanga ena 34 kuchokera 1963 mpaka 1967. Kodi akufa amathamangitsanabe zaka zonsezi?

Taonani momwe bodza amaliphikira. Gawo lenileni limatenga mphindi pafupifupi 7. Wodulayo amatengapo masekondi omalizira okha, amachotsa mawu ake, amachedwetsa zithunzi, amaikapo nyimbo ya maliro, pamwamba n'kulembapo zoopsa. Wamkulu amaseka n'kuiwala. Mwana satero. Kwa iye Tom ndi mnzake, ndipo chimene Tom wachita amachitsanzira. Si paja mumawaona akumenyana ndi ziwaya? Njanji yochokera ku Limbe imadutsa pa Luchenza pompano. Ndiye mwana wokhala m'mbali mwa njanji mukumuphunzitsa kuti wokhumudwa amakakhala pamenepo?

Za katuni ina ya SpongeBob nazo n'chimodzimodzi, ati zamoyo za ku Bikini Bottom, mudzi wa pansi pa nyanja wa m'katuniyo, zinapunduka ndi mabomba. N'zoona dziko la America linayesa mabomba a nyukiliya ku Bikini Atoll, zilumba za m'nyanja ya Pacific, pakati pa 1946 ndi 1958, koma kulumikiza ziwirizi ndi maganizo a oonera chabe. Kukambirana zotere akuluakulu pa bawo si mlandu, bola muzinena kuti ndi nkhambakamwa.

Musanatumize, pezani dzina la gawolo. Makatuni akale amalilemba koyambirira, pamodzi ndi chaka m'manambala achiroma, timalemba ting'onoting'ono m'munsi: MCMLVI ndiye 1956. Ngati chiyambicho achidula, kayikirani. Lembani dzinalo pa Google muone magawo amene anabwera pambuyo pake. Uthenga wokhala ndi timivi tiwiri pamwamba, kusonyeza kuti wadutsa m'manja ambiri, usiyeni ufere mwa inu. Pa YouTube zimitsani autoplay, ija imayambitsa yokha vidiyo yotsatira, chifukwa mwana akaonera imodzi yotere foni imamubweretsera zinzake motsatizana.

Inu oika mafilimu, kholo likati “mundiikireko makatuni a ana”, tsegulani fayilo iliyonse muone chiyambi, pakati ndi mathero musanakopere. Inu makolo, mwana amene waona kale kavidiyoko musamukalipire. Khalani naye pansi, muonetseni gawo lina Tom ali moyo akuthamangitsa Jerry, ndipo mumuuze mosapita m'mbali kuti pa njanji sipokhala, sipoyenda, siposewerera.