Kasensa kameneka akakayesere ku Mudi

Nkhani iyi yoti ophunzira za uinjiniya azipanga okha masensa oyeza kuvunduka kwa madzi pogwiritsa ntchito kuwala yandigwira mtima zedi abale. Kachipangizo kake sikovuta ayi, kababu ka LED kamawalitsa madzi ali m'kabotolo, kenako ka photodiode (kachipangizo komva kuwala) koikidwa cham'mbali pa madigiri 90 kamagwira kuwala komwe kwamwazika pogunda matope ndi tinyansi tina, kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino n'kusandutsa zimenezo kukhala manambala a NTU (muyezo wa kuvunduka kwa madzi). A WHO amati madzi akumwa asapitirire 5 NTU, ndipo kuti klorini agwire bwino ntchito ndi bwino akhale pansi pa 1, ndiye tangoganizani m'dzinja mitsinje yathu ikafiira chonchija.

Pempho langa kwa aphunzitsi aku MUBAS ndi MUST ndi loti anawa asamangothera mu labu. Apite nako ku Mudi kapena ku mtsinje wa Lilongwe akadzionere okha mmene ndere zimamatirira pagalasi pakangopita masiku, manambala n'kuyamba kunama, dzuwa nalo likalowa m'kabokosi limasokoneza zonse, apo mpamene angaphunzire bwino kukatseka, kukatsuka komanso kukachunanso ndi formazin (mankhwala ovundula madzi pa mlingo wodziwika kale).

Koma awauzenso chilungamo, kasensa aka sikaona tizilombo. Madzi atha kuoneka mbee koma muli kolera, tonse tikukumbukira 2022 mpaka 2023 anthu oposa 1,700 anatisiya. Ndiye kuyeza E. coli (tizilombo tosonyeza kuti m'madzi mwalowa chimbudzi) kusalekedwe chonde, sensayo izingotichenjeza msanga kuti apa tungani madzi muthamange nawo ku labu.