Inu osunga maposita akale, lekani kuwapha ndi manja anu

Ana anga a ku Matero, ku Chilenje, ku Kanyama ndi konse mu Lusaka muno, tcherani khutu. Zimene ndaona sabata yathayi zandiwawa mtima.

Malemu mng'ono wanga anali ndi posita ya timu ya mpira ya dziko lathu, anyamata aja anathera m'nyanja pa ngozi ya ndege pafupi ndi Libreville ku Gabon usiku wa pa 27 Epulo 1993. Zaka zonsezi inkagona m'sutikesi, yosapinda ngakhale pangodya. Mdzukulu wake anaitulutsa, ati aiteteze, n'kupita nayo pa kashopu ka fotokope m'tauni kukaichita lamineti. Anabwera nayo akumwetulira, ikunyezimira ngati khadi la ku kiliniki. Nditaigwira, misozi inalengeza. Pulasitiki imeneyo amaimata ndi moto, guluu wake amalowa m'pepala mwenimweni, ndipo ukati uisende, nkhope za anyamatawo zimachokera kumodzi. Mwanayo sanafunse munthu. Ine ndimakhala nyumba yachitatu kuchoka pakwawo, koma sanafunse.

Nanga enanu mukuseka chiyani? Si inu mumamata maposita pakhoma ndi selotepi? Pitani mukaone mmene selotepi ya zaka zisanu imaonekera: imasanduka yachikasu, imagwa yokha, n'kusiya banga lamafuta limene silichoka mpaka kalekale. Ena mumamata ndi phala la ufa, ndiye kuitanira mphemvu chakudya. Ena mumakhomera ndi misomali, kapena kumanga ndi mphira ndi timawaya ta sitepula, dzimbiri n'kudya pepala. Kenaka mumaipachika moyang'anizana ndi windo, dzuwa n'kumayamwa utoto tsiku ndi tsiku, mpaka yunifomu ya wosewera osadziwikanso mtundu wake.

Za pansi pa bedi ndiye musandiyambe. Mvula yathu imayamba mu Novembala n'kufika Epulo, ndipo a ku Kanyama mukudziwa mmene madzi amalowera m'nyumba. Katoni ili pa simenti imayamwa chinyontho, nkhungu imamera, chiswe chimamaliza. Kuisomeka kudenga nakonso ayi, pakuti kutentha kwa malata mu Okutobala kumaumitsa pepala mpaka kumathetheka ngati tsamba louma.

Posita imafuna kugona chogona, yotambasuka, pamalo okwera, ouma, amdima, monga m'dirowa yaikulu kapena pamwamba pa wadiropu kutali ndi khoma lakunja. Pakati pa posita ndi inzake ikani pepala lopanda asidi, limene pa paketi pake amalemba kuti acid-free. Musaike nyuzipepala kapena katoni wamba. Zimenezo zili ndi asidi, n'chifukwa chake nyuzipepala yakale imafiira, ndipo asidiyo amasamukira ku chilichonse chagundana nayo. Ngati mukufuna thumba loonekera, funani la polyester, lija amati Melinex kapena Mylar, losamata, loti positayo muzitha kuitulutsa. Pulasitiki yofewa ya PVC, yonunkha ngati nsapato zatsopano, imatuluka mafuta n'kukakamira ku inki. Ikakhala yaikulu zedi, ikulungeni kunja kwa chubu chonenepa chokutidwa ndi pepala lopanda asidi lija, osati kuipanikiza mkati mwa kachubu kowonda. Mu fulemu, galasi lisakhudze pepala. Polemba chaka kumbuyo, pensulo yofewa, bolopeni ayi. Ndipo sambani m'manja muume, musaigwire mwangochoka pa nsima ndi kapenta.

Mukufuna alendo aziiona pabalaza? Ijambuleni ndi foni, mukasindikize ina, imeneyo ndiyo mupachike. Muichite lamineti ngati mukufuna, palibe angakuletseni.

Tili ndi National Archives of Zambia muno momwe, tilinso ndi Lusaka National Museum pa Independence Avenue. Kumeneko kuli anthu amene ntchito yawo ndi kusunga mapepala akale. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Posita ikang'ambika, kafunseni kaye musanathamangire guluu.

M'sutikesi ya malemu munatsala ziwiri: ya a Kaunda ya nthawi ya UNIP, ndi ya chisankho cha 1991 chimene a Chiluba ndi MMD anapambana. Dzulo ndakazitenga, zili kwanga. Mdzukuluyo ndamuuza kuti Loweruka abwere, asambe m'manja, tiziyale limodzi.