Chithunzi changa atsekera abakha

Abale anga okhala kuno ku Tete, lero ndiye zandikwana. Ndabwera kuchokera ku Moatize, fumbi la malasha mpaka m'makutu, ndapeza mayi eni nyumba atatenga chithunzi changa, chija chofiira ndi chakuda, n'kutsekera khola la abakha. Ati, "Pepani achimwene, ndimayesa ndi nsalu yopukutira burashi." Yopukutira burashi! Utoto wakewo ndinagula ndi ndalama ya ndiwo.

Za kuno mukuzidziwa. Dzuwa la Okutobala limaumitsa utoto uli pa burashi. Wa yunifolomu akakuimitsa amafuna mapepala, ukamupatsa mapepala amafuna ya madzi. Chipwitikizi changa ana amachiseka, Chinyungwe changa agogo amachiseka. Zonsezo ndimameza. Koma abakha?

Kale ndinkapenta mitu yometa pa makoma a ometa tsitsi, nkhuku ndi mabotolo pa mabala, ndipo ndinkadya bwino. Kenako nkhope zinanditopetsa. Ndinayamba mizere, mabwalo, mitundu yokhayokha, zoti munthu aime aone zimene mtima wake ukumuuza. Bwana wina wa kumigodi anatenga chithunzi changa china n'kuchitembenuza chadodolido, ati, "Nanga mlambe uli pati?" Aliyense akufuna mlambe, mbuzi, ndi dzuwa likulowa pa Zambezi kuseri kwa mlatho wa Samora Machel. Amalawi anzanga ati ndalodzedwa, omwewo amene amandibwereka mametikali osabweza.

Amati ndi zachizungu, za Kandinsky, wojambula wa ku Russia wa m'ma 1910. Zachizungu ziti? Kwathu ku Dedza, m'mapanga a Chongoni, Akafula anajambula kalekale mabwalo ndi mizere yofiira, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowo pa mndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Alendo amakwera phiri thukuta lili kamukamu kukaona. Palibe anatsekerako bakha.

Ndiye ine, ndevu zonsezi, ndaima pakhola n'kumakangana ndi mayi amene ndili nawo ngongole ya lendi. Chopweteka n'choti abakhawo ndi okhawo amene achiyang'ana tsiku lonse osapempha kuti ndichotsereko mtengo.

Amayi kumudzi akudwala miyendo, ndipo ndikawaimbira safunsa za ndalama, amafunsa ngati ndikudya. Mwana wanga wamkazi akuti amajambula pansi ndi makala, akudikira ndikamuonetse kusakaniza utoto. Sindikufuna akule akumva kuti bambo ake anapengera ku Mozambiki. Disembala uno ndikwera chapa, minibasi ya kuno, ya ku Ulongwe, ndikadutse pa Dedza, ndikakhale nawo.